Vape Yanu Ikawonongeka: Kusankha Ina Yolimba Pamene Ndalama Zili Zochepa

Tsambali talembera anthu akuluakulu amene anasiya ndudu, kapena akuyesetsa kusiya, pogwiritsa ntchito vape, imene ena amaitcha fodya wamagetsi. Talemberanso achibale amene akusamalira odwala oterewa. Likufotokoza zoyenera kuchita chipangizocho chikawonongeka pamene m'thumba mulibe zambiri.

Ngati simunasutepo fodya kapena simunakwanitse zaka 18, musagule vape. Ilibe phindu lililonse pa thanzi lanu, ndipo chikonga chimene chili m'madzi ake chimayambitsa chibaba chovuta kuchithetsa. Amayi oyembekezera ayambe akambirana ndi anamwino a kusikelo asanagwiritse ntchito chilichonse chokhala ndi chikonga.

Mfundo zikuluzikulu

- Nthawi zambiri chimene chimawonongeka ndi kachipangizo kamodzi kotsika mtengo, osati vape yonse.
- Vape yokhalitsa ndi imene mungathiremo madzi nokha, ndipo makoyilo ake amapezeka pafupi ndi kwanu.
- Musafune zotchipa pa zinthu ziwiri izi: batire ndi madzi.
- Choopsa chachikulu pa masiku amene mulibe vape ndicho kubwerera ku ndudu.
- Cholinga chikhale chakuti vape imene mugule ikhale yomaliza.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ikukhudza thanzi?

Utsi wa ndudu uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Ambiri mwa makemikolowa amapangika fodya akamapsa. Vape siwotcha fodya, choncho nthunzi yake imakhala ndi zinthu zoipa zocheperapo poyerekeza ndi utsi wa ndudu kapena wa chingambwe. Izi sizikutanthauza kuti ilibe vuto. Vape ya masiku ano inapangidwa mu 2003 ndi katswiri wa zamankhwala wa ku China, Hon Lik, ndipo zaka zimene zadutsa n'zochepa kuti madokotala aone zonse zimene imachita m'mapapo ndi mumtima wa munthu amene waigwiritsa ntchito kwa zaka 30 kapena 40.

Kafukufuku wina wa ku England, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anatsatira anthu 886 ofuna kusiya kusuta. Onse ankalandira uphungu. Patatha chaka, anthu 18 pa 100 alionse amene anapatsidwa vape anali atasiya ndudu, poyerekeza ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse amene anapatsidwa mankhwala a chikonga monga zomata pakhungu ndi chingamu. Komabe, mwa amene anasiya ndudu ndi vape, anthu 8 pa 10 alionse anali akuigwiritsabe ntchito chaka chitatha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa maboma kufalitsa vape ngati njira yosiyira fodya, ndipo limapempha kuti igulitsidwe motsatira malamulo okhwima.

Choncho munthu amene vape yake yawonongeka ali pamphambano. Angathe kubwerera ku ndudu, kumene kuli koipa kuposa zonse. Angathe kugula chilichonse chotchipa chimene wapeza pamsika. Kapena angathe kusankha mwanzeru n'kuyamba kukonzekera kusiyiratu.

Mmene vape imagwirira ntchito

Vape iliyonse ili ndi zigawo zinayi. Pali batire la mtundu wa lithium-ion, lofanana ndi la m'foni. Pali koyilo, kamene ndi kawaya kapena kasefa kachitsulo kokutidwa ndi thonje. Pali thanki kapena kabotolo kotchedwa pod, mmene mumakhala madzi. Pomaliza pali madziwo, amene amapangidwa ndi propylene glycol, glycerine, zokometsera fungo ndiponso chikonga, chimene pa botolo chimalembedwa kuti nicotine. Mukakoka mpweya kapena kudina batani, batire limatenthetsa koyilo, ndipo madzi amene thonje layamwa amasanduka nthunzi.

Zigawozi sizitha nthawi imodzi. Koyilo nthawi zambiri imatha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo imatha msanga ngati madzi ali otsekemera kwambiri. Batire limayamba kufooka likatchajidwa maulendo pafupifupi 300 mpaka 500, zimene kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku ndi chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono.

Yambani mwafufuza chimene chawonongeka

Musanataye chipangizo chanu, onani zizindikiro izi:

- Nthunzi ikununkha zopserera kapena ikukanda kukhosi. Thonje la m'koyilo lapsa. Sinthani koyilo kapena pod. Musapitirize kukoka, chifukwa koyilo youma ikatentha mopitirira muyezo imatulutsa makemikolo oipa monga formaldehyde ndi acrolein.
- Madzi akudontha. Kawirikawiri timphira totsekera thanki tatha, thanki yang'aluka, kapena koyilo sinamangidwe bwino. Zonsezi zimagulitsidwa pazokha.
- Sikutulutsa nthunzi ngakhale nyali ikuyaka. Pukutani ndi kansalu kouma pamene pod imakhudzana ndi batire. Madzi ndi fumbi zimatseka malowa.
- Sikulowa moto. Yesani chingwe china chotchajira, ndipo chotsani mosamala zinyalala za m'thumba zimene zadzaza pobowola potchajira. Vape zambiri zimazimitsidwa ndi kuyatsidwa podina batani kasanu motsatizana, ndipo zimatha kuzima zokha m'thumba.

Koma pali zizindikiro zimene zimasonyeza kuti chipangizocho chisagwiritsidwenso ntchito ngakhale kamodzi: batire latupa, likutentha kwambiri osaligwiritsa ntchito, likutulutsa fungo lachilendo kapena phokoso, laphwanyika, kapena linagwera m'madzi. Musapite nalo kwa okonza mafoni kuti akalumikize mawaya kapena kuikamo batire la chipangizo china.

Mitundu ya vape imene mungaipeze

*Zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.* Zimaoneka zotchipa pa tsiku logula, koma ndizo zodula kwambiri pakutha pa mwezi, chifukwa nthawi iliyonse mumagulanso batire latsopano n'kulitaya. Zambiri zimakhala ndi chikonga chochuluka zedi. Chiwerengero cha maulendo okoka chimene chimalembedwa pa bokosi ndi cha kampani yopanga, ndipo munthu wokoka motalika amamaliza msanga. Dziko la Britain linaletsa kugulitsa mtundu umenewu kuyambira pa 1 June 2025.

*Zotchaja koma za ma pod odzadziratu.* Chipangizo chake chimatsika mtengo, koma chimakumangirirani ku kampani imodzi. Ma pod akewo akasowa m'dera lanu kapena akakwera mtengo, chipangizocho chimangokhala.

*Zotchaja zothiramo madzi nokha.* Kwa munthu wofuna chinthu cholimba pa ndalama zochepa, mtundu uwu ndiwo woyenera kuuganizira poyamba. Batire lake limakhala lomangidwira mkati, lili ndi kachipangizo kolitchinjiriza, ndipo mumangosintha koyilo kapena pod.

*Zikuluzikulu zamphamvu zambiri.* Zimatulutsa nthunzi yochuluka, zimamwa madzi ambiri, ndipo zambiri zimagwiritsa ntchito mabatire ochotseka monga a 18650, amene dzina lawo limachokera pa kukula kwake: mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Munthu amene akungofuna kupewa ndudu safunikira mtundu umenewu. Pewani kotheratu zimene amazitcha mechanical mod, chifukwa zilibe chotchinjiriza batire chilichonse.

Werengerani mtengo wa chaka chonse

Mtengo wa chipangizo ndi gawo laling'ono chabe la ndalama zimene mudzawononge. Tiyerekeze kuti mumagwiritsa ntchito mamililita 2 a madzi pa tsiku. Pa mwezi ndi mamililita 60, amene ndi mabotolo 6 a mamililita 10, kapena ma vape otaya 30 a mamililita 2. Ngati koyilo imakutengerani masiku 10, mudzafuna makoyilo 3 pa mwezi, ndipo pa chaka 36.

Musanagule, funsani wogulitsa mitengo itatu: wa chipangizo, wa koyilo imodzi, ndi wa botolo la madzi. Chulukitsani mtengo wa koyilo ndi 36, wa botolo ndi 72, kenaka phatikizani ndi wa chipangizo. Mukachita zimenezi pa ma vape awiri kapena atatu, mungapeze kuti yotchipa pa shelefu ndiyo yodula pa chaka.

Misonkho nayonso imatsata kuchuluka kwa madzi. Ku South Africa, kuyambira pa 1 June 2023, boma linaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse ya madzi a vape, kaya muli chikonga kaya mulibe, ndipo msonkhowu wakhala ukukwera. Pa mlingo woyambawo, mamililita 60 ankalipira R174 ya msonkho wokha. N'chifukwa chake chipangizo chosamwa madzi ambiri chimapulumutsa ndalama. Makoyilo olembedwa 0.8 mpaka 1.2 ohm amagwira ntchito ndi mphamvu yochepa, samaliza madzi msanga, ndipo batire limakhalitsa. Makoyilo a manambala otsika kwambiri, monga 0.2 ohm, amachita zosiyana ndi zimenezi.

Zoyenera kuona pogula

1. Makoyilo azipezeka pafupi. Onetsetsani kuti akugulitsidwa m'masitolo osachepera awiri amene mungafikeko. Vape imene wachibale wakubweretserani kuchokera ku Johannesburg kapena ku London ilibe ntchito ngati makoyilo ake kwanuko kulibe.
2. Kukula kwa batire. Kumalembedwa ndi zilembo za mAh. Nambala ikakhala yaikulu, moto umakhalitsa ndipo simutchaja pafupipafupi. Kumene magetsi amathimathima, batire la 1,000 mAh kapena kuposerapo limathandiza.
3. Zotchinjiriza. Pa bokosi kapena m'kabuku ka malangizo pazilembedwa kuti chipangizocho chimasiya chokha kulowa moto chikadzaza, chimadula moto mawaya akagundana, ndipo chimazima mukakoka nthawi yaitali.
4. Thupi lolimba ndi losavuta. Lachitsulo limapirira kugwa kuposa la pulasitiki. Kasikirini ndi mabatani ambiri zimakweza mtengo ndipo zimachulukitsa zinthu zimene zingawonongeke.
5. Potchajira pofala. Chingwe cha USB-C chimapezeka mosavuta chikatayika.
6. Umboni wakuti si yachinyengo. Bokosi likhale lomata, lokhala ndi dzina ndi adiresi ya kampani. Makampani ambiri amaika nambala yobisika imene mumapala n'kuitsimikizira pa intaneti.
7. Lisiti. Funsani kuti chipangizocho chikafa m'masabata oyambirira adzakusinthirani kapena ayi. Wogulitsa amene akukana kupereka lisiti sadzakuthandizani pa tsiku la vuto.

Musagule vape imene wina anaigwiritsapo kale ntchito. Simungadziwe kuti batire lake linagwa kangati kapena linanyowapo. Musabwerekane ndi ena poyamwira, makamaka ngati mmodzi wa inu akutsokomola kapena ali ndi zilonda m'kamwa.

Madzi: apa musafune zotchipa

Mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, ku United States anthu oposa 2,800 anadwala kwambiri mapapo atagwiritsa ntchito vape, ndipo 68 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti ambiri anagwiritsa ntchito madzi okhala ndi mafuta a chamba ogulidwa kwa anzawo kapena mumsewu, amene anasakanizidwa ndi vitamin E acetate. Phunziro lake ndi lakuti mapapo sapirira mafuta. Musathire mu vape mafuta a mtundu uliwonse, uchi, zokometsera makeke, kapena madzi opangidwira kunyumba. Musagule madzi opimidwa m'mabotolo opanda chizindikiro.

Werengani mphamvu ya chikonga. Botolo lolembedwa 2% lili ndi mamiligalamu 20 pa mililita iliyonse, ndipo lolembedwa 5% lili ndi 50. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union, malamulo salola kupitirira mamiligalamu 20 pa mililita, koma m'misika ya m'chigawo chathu ma vape a 5% amapezeka. Posintha chipangizo, musakwere kupita pa mphamvu yoposa imene munazolowera. Mutu, nseru, chizungulire ndi kugunda kwa mtima mofulumira ndi zizindikiro zakuti chikonga chachuluka.

Kusamalira chipangizo kuti chikhalitse

- Mukaika koyilo yatsopano, dzazani thanki n'kudikira mphindi 5 mpaka 10 kuti thonje linyowe musanakoke.
- Musalole madzi kutheratu m'thanki.
- Tchajani ndi chingwe ndi tchaja zimene kampani inalangiza. Musatchaje usiku mukugona, pabedi, pansi pa pilo kapena pafupi ndi neti yotchinga udzudzu. Ikani pa simenti kapena pa tebulo lopanda nsalu, pamene mukuona.
- Magetsi akathima, zulani pa soketi. Akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yosakhazikika.
- Ngati mumatchajitsa kumsika kapena kobetera tsitsi, pitani ndi chingwe chanu ndipo mukatenge chikangodzaza.
- Kutentha kumapha batire. Musasiye vape m'galimoto yotseka, pawindo, kapena pafupi ndi mbaula, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November.
- Batire lochotseka musaliike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Zitsulozi zikakhudza mbali zake ziwiri, limatha kuphulika. Lisungeni m'kabokosi ka pulasitiki, ndipo lisiyeni ngati chikutiro chake chang'ambika.
- Vape yakufa musaitaye pamoto, m'dzala lotentha zinyalala kapena m'chimbudzi chokumba. Ipititseni kumalo olandira mabatire akale ngati alipo, ndipo podikira isungeni m'chitini chokhala ndi mchenga, kutali ndi ana.

Masiku amene mulibe vape

Chibaba chimakula kwambiri m'masiku atatu oyambirira, ndipo kwa anthu ambiri chimachepa pakapita masabata awiri kapena anayi. Mungamve kukwiya msanga, kusowa tulo, njala ndi kulephera kuika maganizo pa ntchito. Chilakolako chilichonse chimabwera ngati funde ndipo chimadutsa pakapita mphindi zochepa. Imwani madzi, yendani pang'ono, tafunani mtedza kapena chimanga chokazinga, ndipo pewani mowa ndi malo amene munkasutira.

Musadzinamize kuti ndudu imodzi yogula pa okala ingokuthandizani kudikira malipiro. Anthu ambiri amabwerera ku fodya kudzera pa ndudu imodzi yomweyo. Kusuta ndudu kwinaku mukugwiritsa ntchito vape sikuchotsa ngozi ya matenda a mtima, pakuti ngakhale ndudu imodzi pa tsiku imawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko.

Funsani ku famase kapena kuchipatala za chingamu ndi zomata pakhungu za chikonga. Mankhwalawa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri kuyambira mu 2009, ndipo bupropion ndi varenicline anawonjezedwapo mu 2021. Awiri omalizawa amafuna kalata ya dokotala.

Ngati mukulandira chithandizo cha matenda ena

Uzani dokotala kapena namwino nthawi iliyonse mukasiya ndudu, mukayambiranso, kapena mukasinthira ku vape. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya msanga mankhwala ena, monga clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo, komanso theophylline ndi aminophylline a mphumu. Munthu akasiya ndudu, mankhwalawa amachuluka m'magazi. Akayambiranso, amachepa mphamvu. Mlingo wake ungafunike kusinthidwa, koma musausinthe nokha.

Chikonga chimafulumizitsa mtima ndi kukweza BP, choncho odwala mtima, BP ndi shuga ayenera kukambirana ndi achipatala za mlingo umene akugwiritsa ntchito. Kwa amene ali ndi mphumu kapena akumwa mankhwala a TB, nthunzi ingawonjezere chifuwa ndi kubanika. Kwa amene akumwa ma ARV, kupewa ndudu n'kofunika kwambiri, chifukwa kusuta kumawonjezera chiopsezo cha TB, chibayo ndi matenda a mtima.

Kwa osamalira odwala

Botolo la mamililita 10 la mphamvu ya 2% lili ndi mamiligalamu 200 a chikonga, okwanira kudwalitsa mwana modetsa nkhawa ngakhale atamwako pang'ono. Madziwa amanunkhira ngati maswiti kapena zipatso. Asungeni pamwamba, potsekedwa, m'botolo lake lomwelo. Vape isagwiritsidwe ntchito m'nyumba muli ana kapena mayi woyembekezera. Ngati wodwala ali pa makina a okosijeni, vape isayatsidwe kapena kutchajidwa m'chipindamo, chifukwa okosijeni amakolezera moto.

Ngati m'bale wanu anasiya ndudu ndipo vape yake yawonongeka, kumunyoza kapena kumubisira ndalama kungamubwezere ku fodya. Muthandizeni kuwerengera mitengo, ndipo mupite naye kuchipatala kukafunsa za njira zosiyira.

Malamulo amasiyana m'mayiko

Mayiko ena a mu Africa, monga Uganda ndi Mauritius, analetsa kugulitsa vape. Ku South Africa imagulitsidwa ndipo imadulidwa msonkho. Dziko la Malawi linavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Musanaitanitse katundu kunja kapena kuwoloka naye malire, funsani malamulo a dziko limene mukupita. Pa ndege, vape imayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita kunsi kwa ndege.

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati:

- mukubanika, mukumva kupweteka pachifuwa kapena mukutsokomola magazi;
- mwana wamwa kapena wanyambita madzi a vape, ngakhale akuoneka bwino. Musamusanzitse, ndipo tengani botololo. Kusanza, kutuluka dovu, thukuta, kunjenjemera ndi kukomoka ndi zizindikiro zoopsa;
- madzi alowa m'maso ndipo akupwetekabe mutatsuka ndi madzi oyera kwa mphindi 15;
- batire laphulika n'kukuwotchani. Thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano.

Konzani zoti ikhale yomaliza

Batire la vape yatsopano lidzayamba kufooka pakatha pafupifupi chaka. Gwiritsani ntchito nthawi imeneyi ngati malire anu. Mukakhazikika osasuta ndudu, tsitsani mphamvu ya chikonga pang'onopang'ono, mwachitsanzo kuchoka pa mamiligalamu 20 kupita pa 12, kenaka 6, 3, mpaka 0, ndipo muzikhala masabata angapo pa mlingo uliwonse. Ikani malo ndi nthawi zimene simuigwiritsa ntchito, monga m'nyumba, kuntchito ndi ola loyamba mukadzuka. Mukaona kuti mwayamba kulakalaka ndudu, bwererani pa mlingo wam'mbuyo kwa kanthawi m'malo mogula fodya. Pa ulendo wanu wotsatira wa kuchipatala, tengani chipangizo chanu ndi botolo la madzi, muwaonetse achipatala, ndipo mugwirizane nawo tsiku limene mukufuna kudzasiyiratu.